Dazi la a Willie

"Kodi ukhala mbali iti?"

Funso la azakhali a Edwina linamupeza Ken ali chiimire m'kanjira kopapatiza ka m'nyumba. Chipewa cha ubweya chili pamutu. Kumanzere kwake, pabalaza, azimayi anali atakhala pa kapeti, zitenje m'chiuno. Kumanja, kukhitchini, makina ometera ankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Bambo ake, a Willie, anaikidwa dzana ku manda a ku Bolton komweko, mvula ikuwaza. Lero linali tsiku lometa. Azakhali, mlongo wa malemu, anagamula okha. Azimayi angodulako katsitsi ka pamphumi. Amuna a pabanja amete mpala. Amunawo anali atatu basi: a Lameck, mng'ono wa malemu, ndi ana awo awiri.

"Ndikulankhula ndi iwe, Kate."

"Ndine Ken, azakhali."

"Aa, ine mayina obatizidwa kuchipatala andivuta. Sizasi ndi iyi. Vula chipewacho, ndidule pang'ono, tithane nazo."

Ken anagwira chipewa. Sanavule.

Chipewachi sanachivule kutchalitchi. Sanachivule kumanda. Anthu ankati n'chisanu cha Novembala. Sichinali chisanu.

Zaka zinayi zapitazo anayamba kulandira jakisoni wa mahomoni achimuna. Mawu anatsika. Mapewa anatambalala. Tindevu tinabwera, tochepa koma take. Zonsezi anazifuna. Kenako chaka chathachi, tsitsi linayamba kutsalira pa pilo. Linathawa m'mbali mwa mphumi. Pamwamba pa mutu panayamba kuwala. Dokotala wa ku Hull, kumene Ken ankagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba yosungiramo malonda, anamuuza mosapita m'mbali. Izi zimatsata mtundu. Mankhwala alipo, koma ena angachedwetse ndevuzo. Asankhe yekha.

Sanasankhe. Anagula chipewa.

Tsitsi lakelo mayi ake ankaliluka Loweruka lililonse ali mwana. Ankalinyadira, nanena kuti ndi la kuchikazi. Akaona lero, adzati chiyani? Ken ankawamva kale m'mutu: taona zimene majakisoni akuchita. Ndipo bambo? Bambo anapita osamutchulapo dzina lake latsopano ngakhale kamodzi. Pafoni ankangoti "iwe". Iwe, wadya? Iwe, kukuzizira uko? Kenako, "Lankhula ndi amako."

Tsopano nyumba yagawika pawiri. Chitseko uku, chitseko uku.

Anasuzumira pabalaza. Mayi ake, a Lucy, anali pakona pafupi ndi hita, duku yakuda pamutu, maso pansi.

Ken analowera kukhitchini.

"Ha! Taonani zimenezo!" azakhali anawomba m'manja kamodzi, namutsatira. "A Lameck, muuzeni mwanayu. Malirowa asasanduke sewero."

A Lameck anali atamaliza kumeta ana awo, omwe anali atathawira kale panja kukadziona pa foni. Mutu wa a Lameck eni ake unali wosavuta. Munthu wa mabasi a ku Salford, dazi linawafika kunkhongo kalekale. Anazimitsa makina. Anayang'ana Ken, anayang'ana mlongo wawo.

"Achemwali, mpandowu sufunsa satifiketi."

"Musayambe nthabwala zanu. Kumudzi akamva kuti mwana wamkazi wa Willie wametedwa mpala ndi amuna, ndikayankha ndine."

"Kumudzi kwake kuti? Onse ali pa WhatsApp, akuonera mpira."

"Ndiye mwambo tiutaye?"

"Mwambo wati mwana amete. Ndiye uyu wabwera." Anakutumula thaulo. "Khala, Ken. Koma chisoticho sindimeta."

Ken anakhala. Mpando unali wotentha. Pansi panali timilu ta tsitsi lakuda pa nyuzipepala. Anakoka chipewa, n'kuchiika pamwendo.



Azakhali anagwira pakamwa. "Mayo ine. Mwana uyu akudwala! Ndinanena ine kuti mankhwala awa..."

A Lameck anazungulira kumbuyo kwa mpando. Anawerama. Anapendeketsa mutu wa Ken ndi chala, kuloza ku windo. Kenako anaseka. Kuseka kwenikweni, koyamba m'nyumba muno kwa milungu iwiri. Anaseka mpaka kugwira sinki.

"Akudwala chiyani! Achemwali, bwerani kuno. Bwerani muone. Simukulidziwa ili?"

"Chiyani?"

"Dazi la Willie! Taonani pamene layambira. Mbali ya kumanzere yatsogola, ya kumanja ikutsatira mwaulesi. Pakati katsalako kachilumba. Willie anali chonchi ndendende tili ku Ndirande, ali ndi zaka twente-seveni. Ankapaka mafuta a nsatsi, kupaka anyezi, mpaka atsikana ankamuthawa mu minibasi."

Azakhali anasendera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ngakhale a bambo athu," anatero chapansipansi. "Kachilumba kameneka."

"Ndiye mukati akudwala, tonse tikudwala. Ine ndiye ndili pa oksijeni."

Ken anafuna kuseka. M'malo mwake anafunsa.

"Limera, ankolo? Mukameta?"

"Lam'mbali limera. Lapamwambali litsanzike. Lapita ulendo wosabwerera." A Lameck anayatsa makina. Analira kawiri, kenako anakhosomola n'kuzima. Anawamenya pachikhatho. Sanadzuke. "Aa, nawonso alowa maliro."

"Mwina n'chizindikiro," anatero azakhali, koma mawu analibe mphamvu.

"Musiyeni kaye."

Anali mayi ake. Ataima pakhomo la khitchini, dzanja pa felemu. Ken sanadziwe kuti afika liti. Anafuna kubweza chipewa pamutu. Anachisiya pamwendo.

A Lucy anayang'ana mutu wa mwana wawo. Sanakuwe. Sanafunse. Anatembenuka, n'kukwera masitepe pang'onopang'ono. Kumwamba kunamveka kabati ikutsegulidwa, zinthu zikusunthidwa. Atatsika anali ndi phukusi. Katoni kakang'ono, kokutidwa ndi pepala la khaki, selotepi yambirimbiri monga ankamatira a Willie, ngati katundu wopita ku Blantyre pa sitima.

Analiika pamwendo pa Ken.

Zilembo zinali za bambo ake. Zikuluzikulu, zoongoka, za munthu amene walemba mafayilo a odwala zaka makumi awiri. Pamwamba: MR KEN MATEWERE. Pansi pake adiresi ya ku Leeds, yokhwatchidwa. Pansi pake ya ku Sheffield, yokhwatchidwanso. Kenako mawu amodzi, HULL, ndi mzere wopanda kanthu.

Ken anawerenga mzere woyamba. Anawerenganso.

"Anaona chithunzi chako pa Facebook," anatero a Lucy. "Chaka chatha, uli kunyanja ndi anzako, mphepo itakuchotsa chisoti. Anachikulitsa ndi zala. Anandiitana ndili kubafa. Ati, Lucy, thamanga, udzaone. Unkati mwanayu ndi wa kwanu. Mutuwu ndi wa ndani?"

"Anakwiya?"

"Kukwiya? Anaseka mpaka shuga kukwera. Mawa lake anapita kukagula ichi."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ukuwadziwa bambo ako. Odwala ankawalankhula tsiku lonse. Mwana wawo, pakamwa pankauma. Adiresi ankandituma ine kuti ndikufunse. Akalemba, iwe wasamuka. Akalembanso, wasamuka. Ya ku Hull unati utumiza."

Ken anakumbukira. Anati atumiza. Sanatumize.

Anang'amba selotepi ndi makiyi. Mkati munali makina ometera atsopano, chingwe chikadali chomanga. Pa katoni panali kapepala komata, ka chikasu, konga kamene bambo ake ankalembapo nthawi za mankhwala. Mizere iwiri.

Yamba ndi nambala wani. Usalimbane nalo, ine ndinaluza.

A Lameck anawerenga modutsa paphewa pake. Anapukuta m'maso ndi thaulo lomwe lija la tsitsi. "Anyezi uja sanamutchule, wakuba ameneyu."

Azakhali anakoka mpando wina, nakhala. Sizasi anaiika pa tebulo. Kwa kanthawi anangoyang'ana zilembo za mchimwene wawo pa pepala la khaki.

"Walemba yekha," anatero. "Ine ndinganene chiyani? Koma lilime langa ndi lokalamba. Likamaterereka uzindikhululukira."

"Palibe vuto, azakhali."

Ken anapumira m'mwamba. Mapewa anagwa. Sanadziwe kuti anali atawakweza kuyambira pa siteshoni ya sitima ku Hull.

A Lameck anatambasula dzanja kuti alandire makina. A Lucy anapukusa mutu.

"Alamu, pumani. Mutu uwu ndimaudziwa. Ndaumeta pa bambo ake zaka makumi atatu."

Analumikiza chingwe kukhoma, pafupi ndi ketulo. Anamanga thaulo m'khosi mwa Ken, nalipinda kumbuyo. Makina analira bwino, mawu osalala. Anayambira kunkhongo, kukwera. Tsitsi linagwa pa nyuzipepala, kusakanikirana ndi la amuna ena aja. Dzanja lawo lamanzere linali pamphumi pake, lofunda, lonunkhira sopo wa mbale.

Anameta mbali zonse. Anasiya kachilumba ka kutsogolo kokha. Anazimitsa makina, nawapereka kwa Ken.

"Apa bambo ako sankalola munthu," anatero. "Ankati kotsala kokha aka, ndikachotsa ndekha, mwaulemu."

Ken anaimirira. Galasi munalibe m'khitchini. Anayang'ana pa chitseko cha maikulowevu. Nkhope inali mmenemo, yosaoneka bwino, koma yodziwika. Anayatsa makina, nawaika pamphumi.