Chifu Chaching'ono cha a Kamphinda

"Ine munthu sandinyengerera," anatero a Herbert Kamphinda pakhomo la tchalitchi ku Wakefield, kutsidya la nyanja, mapemphero atangotha, dzanja lili pamimba ngati akulumbira pa Baibulo. "Chindidulireni chifu miyezi isanu ndi inayi yapitayo, shuga sanapondepo pa lilime ili. Ngakhale kambewu kamodzi. Mtima wangawu ndi mwala, abale. Enanu mukangoona fanta maondo amagwedera."

Azimayi anawomba m'manja. Azibambo anayang'ana mimba ija, imene inali ikadatsogolabe ngati ndiyo ikudziwa njira.

Nkhani yake inali yotere. A Kamphinda ananenepa mpaka bondo linayamba kulira pa masitepe, ndipo madokotala anawadula chifu n'kusiyako kathumba kongokwana masupuni ochepa. Miyezi itatu yoyamba thupi linatsika bwinobwino. Kenako sikelo inaima. Kenako inayamba kubwerera kumene inachokera. Pomwe mayi Fyness a m'kwaya, amene anachitidwa opaleshoni yomweyo mwezi womwewo, munthu wamantha woyang'ana uku ndi uku ngakhale pamsewu wopanda galimoto, anali atabweza kale madiresi awo kwa telala kawiri. Iwo sankaphonya msonkhano wa alangizi a kadyedwe. A Kamphinda ankati misonkhano ndi ya anthu ofooka.

Akazi awo, mayi Tereza, anali nesi pachipatala chomwecho, ndipo ankawakhulupirira amuna awo. Akanalekeranji? Kunyumba bambo ankadya masupuni atatu n'kukankha mbale ngati yawatukwana. Ndiye ngati munthu sakudya koma akunenepa, wolakwa ndi amene anagwira mpeni. Mayi Tereza analemba kalata yodandaula, anasainira dzina lawo ndi udindo wawo, ndipo Lachiwiri nthawi ya teni koloko anayenera kukaipereka pamaso pa dokotala wamkulu, munthu amene amakumana naye m'makonde tsiku ndi tsiku.

Chimene mayi sankadziwa chinali kuntchito. A Kamphinda ankasamalira nkhalamba m'makomo mwawo, nyumba khumi ndi imodzi patsiku, ndipo nyumba iliyonse inali ndi chitini cha mabisiketi. Tsono munthu anakulira kwa anthu amene amati chakudya sakana, kukana n'kumunena mwini nyumba kuti ndi mfiti. Onjezanipo kuti bamboyu ankakonda kukondedwa kuposa mmene mbuzi imakondera mchere. Agogo akangoti "tenga, mwananga," manja awiri anali atatambasuka kale. Anatulukiranso nzeru: nyama imakakamira pakhosi, koma bisiketi yoviika mu tiyi imadutsa m'kachifu kaja ngati madzi m'dengu. Mwala uja unali wa Lamulungu lokha. Pakati pa sabata unali papaya lakupsa.

Lachiwiri linafika bondo litatupa, losatheka kupondera kilatchi.

"Ndikuyendetsani ine," anatero mayi Tereza. "Muli ndi nyumba imodzi yokha m'mawa uno, eti? Tikachoka kumeneko, kuchipatala."

M'galimoto a Kamphinda anakhala ngati pampando pali linthumbu. Anatsegula windo. Anatseka. Anayatsa wailesi, anazimitsa.

"Mayi a Nthanda," anawaitana akazi awo ndi dzina la mwana wawo, "kalata ija bwanji tiisiye kaye?"

"Chifukwa?"

"Akhristu timakhululuka."

"Akuduleni molakwika, ine ndikhululuke? Ndikhululuka akavomera."

"Komatu mumagwira nawo ntchito anthu amenewa. Mawa adzakuyang'anani bwanji?"

"Adzandiyang'ana ngati mkazi amene mwamuna wake sanama."

Mawu aja anawalowa ngati jakisoni wa m'fupa. Anatsegula pakamwa kuti aulule, chilungamo chinafika mpaka pa mano, koma chinaona nkhope ya mayi n'kubwerera.

"Imani apa pakona," anatero atalowa mumsewu wa nyumba zofiira zogundana.

"Nyumba yake ndi iti?"

"Ili kutsogolo uko. Koma agogo ake ali ndi galu. Wolusa."

"Galu aluma galimoto? Ndi bondo limenelo mufuna muyende? Nambala, bambo."

Anaima pakhomo penipeni.

"Mphindi makumi awiri. Musatuluke, kukuzizira."

Agogo Doreen, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, anali pampando wawo wa pawindo. Makutu anali atapuma pantchito kalekale, koma maso ankaona mpaka za m'nyumba za eni. Patebulo panali keke yawo ya jinja, yakuda, yonata, yodulidwa kale, fungo lake lofika mumsewu.

A Kamphinda anagwira ntchito ngati nyumba ikupsa. Mankhwala, madzi, masokosi. Sokosi imodzi inalowa yotembenuka. Diso limodzi pa wotchi, lina pawindo, mphuno pa keke.

"Khala pansi, Herbert, ukundizunguza mutu," anatero agogo m'Chingerezi chawo chomeza mawu. "Tiyi wako uyo. Tenga keke."

"Lero ayi, agogo," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Lero ayi!"

Agogo anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Wadwala?"

"Ndili bwino."

"Suli bwino. Ukutuluka thukuta. Kapena ndachulutsa jinja? Maureen wakuuza kuti yanga ndi youma, eti? Mayi ameneyo ndimamudziwa."

Milomo ya agogo inayamba kunjenjemera, ndipo a Kamphinda anamva dzanja lawo lamanja likunyamuka lokha. Analigwira ndi lamanzere n'kulibweza m'thumba. Koyamba chibadwire anakana chakudya m'nyumba ya munthu, ndipo zinawawawa kuposa bondo.

"Uyo ndani m'galimotomo?" Agogo anali atasuzumira kale.

"Ndi wa takisi."

"Wa takisi wavala yunifomu ya unesi? Ndi mkazi wako! Wamusiya panja ngati phukusi?"

Asanayankhe, ndodo ya agogo inali ikugogoda pagalasi, dzanja likukodola. A Kamphinda anaima kumbuyo kwawo akupukusa mutu, akupingasa manja, akuloza wotchi. Koma mayi Tereza nawonso analeredwa: wamkulu akakuitana sufunsa chifukwa. Anatseka galimoto, anapukuta nsapato pakhomo, analowa akuwerama pang'ono.

"Galu ali kuti?" anafunsa m'Chichewa.

"Wapita kokayenda," anatero a Kamphinda.

Agogo anagwira dzanja la mayi Tereza ndi manja awo onse awiri.

"Mwachita bwino kubwera, mwananga, ndipo ndinu nesi. Mupimeni mwamuna wanuyu. Miyezi isanu ndi umodzi sanaphonyepo: zidutswa zitatu m'mawa uliwonse, tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ndinasiya kuphika keke mwamuna wanga atamwalira, ndi Herbert amene anandibwezera kukhitchini. Msewu wonse uno timamulimbirana. Maureen wa pa nambala thwelofu amamuphikira kasitadi, bambo Stanley amamusungira chokoleti, koma Herbert amanena yekha kuti yanga ndiye mapeto. Lero wakana. Chilipo chamugwira."

A Kamphinda anayang'ana kudenga ngati pali lemba.

Mayi Tereza anaika chikwama pansi, anakoka mpando, anakhala moyang'anizana ndi agogo, n'kukweza mawu kuti amveke bwino.

"Agogo, musafulumire. Maureen, bambo Stanley. Winanso ndani?"