A Giya Akhala Mpando wa Pambali

"Bambo, mgolo!"

A Giya anaponda buleki ndi mphamvu zonse. Galimoto inaima mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza mgolo wofiira umene okonza msewu anaika pakati pa njira. Kumpando wakumbuyo mapoto analira, ndipo beseni limene linali pa katundu linagwera m'manja mwa mayi.

"Ndinauona," anatero a Giya. "Ndimafuna ndione ngati muli maso."

Anazungulira mgolowo pang'onopang'ono n'kupitiriza kukwera phiri.

A Giya anayendetsa malole zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo dzinali anawapatsa ndi anzawo chifukwa ankasintha magiya popanda injini kudandaula. Tsiku limenelo iwo ndi akazi awo ankaperekeza mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomuitana kuti Nesi, ku chipatala chaching'ono cha kuseri kwa mapiri kumene anamutumiza kukagwira ntchito. Vuto linali limodzi. Miyezi iwiri m'mbuyomo dokotala anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri, n'kuwauza kuti asiye kaye chiwongolero mpaka atawachita opaleshoni. A Giya anangoti dokotala amadziwa maso, koma msewu wa m'mapiri amaudziwa ndi iwo.

Chakumasana anafika m'katawuni kena kokhala ndi msewu umodzi wokha. Kunali kozizira, ndipo mitambo inkadutsa pafupi ndi madenga. Anaima pa kanyumba kogulitsira tiyi n'kukhala pakhonde, pa tebulo logwedera limene mwendo wake wina anaupachika ndi katoni yopinda. Mayi anatulutsa buledi ndi nthochi m'thumba.

"Bambo," Nesi anayamba akutakasa tiyi, "pa chikwangwani cha tsidya lija palembedwa chiyani?"

A Giya anatsinzinira, kenako anatong'ola maso.

"Golosale."

"Palembedwa kuti amameta tsitsi."

"Ndiye kuti asintha. Kale inali golosale."

Mayi anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. "Pitani mukagule shuga, mubwerako ndi mpala."

A Giya nawonso anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Anayang'ana m'kapu.

"Mwanawe, galu wamkota sakandira pachabe. Phiri limene tikutsika kutsogoloku lili ndi makhotakhota khumi ndi anayi. Laisensi yako ilibe ndi chaka chomwe."

"Anandiphunzitsa ndani?"

"Ine."

"Ndiye mukukayikira ine kapena aphunzitsi?"

Mayi anapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango. Ulendo uno sanaseke.

"Bambo a Nesi, ine ndakwera galimoto zanu kuyambira ndili mtsikana. Ndinkagona tulo inu mukuyendetsa, ngakhale mvula ikugwa. Lero kuyambira m'mawa ndagwira mpando ndi manja awiri. Onani zala zangazi."

Anawaonetsa. A Giya sanathe kuziona bwino, koma anazigwira. Anamvetsera wokonza matayala akumenya chitsulo kuseri kwa nyumba. Kenako anapisa m'thumba la jekete, n'kuika makiyi pafupi ndi kapu ya Nesi.

"Mpando usausunthe kwambiri," anatero. "Umavuta kubwezera."

Makilomita oyamba Nesi anavutika ndi bambo ake kuposa msewu. Phazi lawo linkaponda buleki imene kunalibe.

"Chepetsa. Liza hutala. Usadule khona. Iwe, ukuona lole ikubwerayo?"

"Ndi ng'ombe, bambo."

"Ng'ombe yomweyo, ichitire ulemu."

Atafika pamwamba penipeni, msewu unayamba kutsetsereka. A Giya anatsegula pakamwa kuti anene za giya, koma Nesi anali ataika kale yachiwiri. Injini inang'ung'udza, galimoto n'kumatsika modekha, phazi la Nesi likungokhudza buleki pang'ono khona lisanafike, monga momwe iwo ankachitira. A Giya anawerenga makhona chamumtima. Pa lachisanu anachotsa dzanja pa chitseko. Pa lachisanu ndi chitatu anatsitsa galasi.

Mphepo inalowa ndi fungo la mitengo ya paini ndi dothi lonyowa. M'munsi munali chigwa chachikulu, minda yobiriwira, ndi madenga a malata akunyezimira apo ndi apo. Kwa a Giya zonsezi zinali ngati akuziona kudzera m'nsalu yopyapyala, komabe sanachotse maso. Kenako anamva mkokomo kumanzere, n'kuona chinthu choyera chachitali chikutsika pathanthwe.

"Ima! Chimenecho n'chiyani?"

Nesi anaimika pambali pamene msewu unatambalala. "Ndi mathithi, bambo."

"Mathithi? Pano? Abwera liti?"

"Anawaika dzulo atamva kuti mukubwera," anatero mayi.

A Giya anatsika. Anayenda mpaka pa chitsulo chotchinga m'mbali mwa msewu, n'kuima pamenepo madzi owaza akuwanyowetsa nkhope ndi malaya.

"Msewu uno ndadutsa maulendo osawerengeka," anatero mkazi wawo atafika pambali pawo. "Pano ndinkangodziwa kuti ndi khona lachisanu ndi chinayi, loterera. Sindinacheukepo."

"Mukanacheuka bwenzi ndili wamasiye."

Anakhala pamenepo mpaka mayi anayamba kudandaula za kuzizira. Nesi anawajambula ndi foni, a Giya atavula chipewa ngati ali m'tchalitchi.

Kuchokera apo ulendo unakoma. M'katawuni kotsatira a Giya anagula mapeyala kwa mayi wina wa m'mbali mwa msewu, atakambirana naye za mvula kwa nthawi yaitali kuposa za mapeyalawo. Anafunsa dzina la mtsinje uliwonse. Anafuna kudziwa kuti chachikasu chimene chinadzaza phiri lina chinali maluwa kapena udzu wouma, ndipo Nesi ndi mayi ake anatsutsana mpaka phirilo linatsalira m'mbuyo.

Anafika pachipatala dzuwa litapendeka. Nyumba ya Nesi inali ya zipinda ziwiri, ya chitseko chabuluu, ndi mpopi panja. Atatsitsa matiresi, mapoto ndi masutikesi, Nesi anatambasula dzanja kuti abweze makiyi, kenako anaima. Onse atatu anazindikira nthawi imodzi kuti pobwerera mawa woyendetsa palibe.

"Ndipempha tsiku limodzi ndikutuleni," anatero Nesi.

"Ntchito usanayambe n'komwe? Ayi," anatero a Giya.

A Giya anazungulira galimoto yawo, akugogoda tayala lililonse ndi nsapato. Anatsegula boneti n'kumuonetsa Nesi poonera oyilo ndi pothira madzi, ngakhale ankadziwa kale.

"Ikhale kuno," anatero akutseka. "M'mawa uziyamba waitenthetsa, simakonda kudzidzimutsidwa. Tsiku la opaleshoni udzabwere nayo, udzanditengere wekha kuchipatala."

"Nanga inu mawa?"

"Basi ilipo. Koma mayi, ndikuuziranitu: mpando wa pawindo ndi wanga."