Khutu Lakumanzere la a Bouchta

Alamu anga a Bouchta inawagonthetsa ndi nyundo yawo yomwe. Anayamba kusula mkuwa pabwalo la Seffarine kuno ku Fes mano a ubwana asanachoke, ndipo pofika ukalamba khutu lakumanja linali litaferatu, lakumanzere litangotsala pang'ono. Kusukulu sanapondeko. Mukawalembera ngakhale dzina lawo lomwe, amangolitembenuza uku ndi uku n'kukubwezerani.

Ndiye tandiuzani, munthu wosamva, wosawerenga, mumacheza naye bwanji? Za chakudya ndi madzi osamba, manja amakwanira. Koma banja si chakudya chokha. Tinayesa timakina ta m'makutu ta kuchipatala, iwo akuti tikungolira ngati udzudzu, anaponya timakinato m'kabati. Mukawakuwira pakhutu, akuti akumva chiphokoso chopanda mawu. Chimene chinatipulumutsa ndi kachoimbira nyimbo, ka MP3 kakalekale kosweka galasi, komwe achemwali anga a Zhor anakatola pa kaunjika wa zamagetsi. Kanali ndi pojambulira mawu, ndipo voliyumu yake inali yamisala. Mukakakweza mpaka kumapeto, mahedifoni ankachita kunjenjemera m'manja, a nyumba yoyandikana n'kumamvera nawo. A Zhor ankayankhulira m'menemo n'kupereka kwa amuna awo. Iwo ankakanikiza hedifoni pakhutu lakumanzere atatsinzina, akamaliza n'kuyankha. Ankakangana za mchere wa m'ndiwo kudzera m'kabokosi kameneko, miseche yonse ya m'dera lathu inkadutsanso momwemo. Ine Batoul, mng'ono wawo wa a Zhor, namfedwa wokhala m'chipinda cham'mwamba, ndaseka nazo zimenezi kwa zaka zambiri.

Vuto lake linali limodzi. Nthawi zina kankangouma gwaa, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Koma mankhwala ake tinkawadziwa. Unkangozula phini pampango, n'kubaya pakabowo kakumbuyo, basi kadzuka.

Chaka chatha a Zhor anayamba kuonda. Dokotala anandiitanira pambali n'kutchula matenda aja amene kwathu kuno sitiwatchula dzina, ndipo anati afalikira kale. Nditabwerera pabedi, achemwali anga anangondiona nkhope n'kudziwa.

"A Maalem usawauze," anatero. Ndi mmene a Zhor ankawatchulira amuna awo, monga amatchulidwira mmisiri wamkulu. "Tiziti ndi zilonda za m'mimba. Nthawi ikakwana ndidzawauza ndekha ndi pakamwa pangapa, ndiwapemphe chikhululuko, ndimve akundiyankha. Asamve kwa munthu wina, wamva?"

Ndinavomera. Kwathu munthu sachoka asanakhululukirane ndi amene wadya naye mbale imodzi moyo wonse. Koma a Zhor ankangozengereza. Lero akuti a Maalem atopa, mawa akuti adikire kaye mwana wawo afike.

Mwanayo ndi Anouar, mmodzi yekhayo, amagwira ntchito ya mafiriji ku Belgium. Anafikadi, masutikesi ali tho ndi mankhwala ndi mabulangete. Ndisamunamizire, ndi mwana wabwino, analira ataona mayi ake mpaka ine ndinachita kumukalipira kuti abambo ake angadabwe. Koma ali ndi nthenda ya anthu obwera kutchuthi: chilichonse chimene achipeza pakhomo amafuna achikonze asanabwerere. Anakonza mpopi, anakonza chitseko cha padenga. Kenako tsiku lina masana anandipeza ndikubaya kabokosi kaja.

"Amayi aang'ono, mukukabayiranji?"

"Kauma."

"Mpaka liti mukhala mukubaya ndi phini ngati mukuzula minga? Vuto ndi pulogalamu ya m'kati mwake, ndi yamakedzana. Akampani anatulutsa yatsopano kalekale. Ndikaikamo imeneyo sikadzaumanso."

"Kasiye. Kamatidziwa, ifenso timakadziwa."

"Kanthawi kochepa chabe. Muganize, katauma amayi akufuna kuyankhula ndi abambo, inu mutapita kumsika?"

Pamenepo anandigwira pakamwa, chifukwa nanenso zimenezo zinkandidetsa nkhawa. Anatulutsa laputopu yake, n'kuyamba wasunga kaye mawu onse amene anali m'kabokosimo kuti asafufutike. Anasamaladi, sindingakane. Analumikiza kachingwe, pagalasi losweka lija panatuluka kamzere kakukwawa pang'onopang'ono, iye akuti tisakagwedeze mpaka kamzereko kafike kumapeto. Ine ndinapita kukaphula supu pamoto.

Pobwera ndinapeza akumwetulira. Kanayaka msanga, zilembo zili zatsopano, mabatani akumvera. Anajambula mawu ake, "Ababa, mukundimva? Ndakakonza," n'kukapereka kwa abambo ake amene anakhala pamkeka pabwalo lam'kati.

A Bouchta anakanikiza hedifoni pakhutu n'kutsinzina. Anadikira. Anakachotsa, kukagwedeza, kukabwezeranso.

"Batire latha?"

Anouar anakatenga n'kukweza voliyumu. Inakwera, inakwera, kenako inaima. Pagalasi panatuluka kachithunzi ka khutu ndi mawu a Chifalansa. Anawerenga, ndipo nkhope yake inagwa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti... apa ndiye pomalizira. Ku Ulaya kuli lamulo loti zoimbira nyimbo zisamapokosere kwambiri. Amateteza makutu a anthu."

"Makutu ati? A ndani?"

"Sindimadziwa, amayi aang'ono."

"Kuteteza makutu! Munthu wamenya mkuwa moyo wake wonse panalibe womuteteza, lero atsala ndi kachibowo kamodzi ndiye mwabwera kudzatseka? Bwezeramo yakale ija pompano!"

Ndinaika hedifoni pakhutu langa. Mawu a Anouar ankamveka bwinobwino, aulemu, ofatsa, okwanira munthu wamakutu awiri amoyo. Kwa alamu anga kunali zii.

Anouar anakhala pa laputopu masana onse, osadya. Yakale ija anaipeza, koma kabokosi kankaikana. Akayesa, kamalemba kuti kali kale ndi yatsopano. M'mawa mwake tinapita kwa Jaouad, amene amakonza mapulogalamu a mafoni m'kagolosale kodzadza ndi zingwe pafupi ndi pokwerera mataxi. Anakatembenuza, n'kuimba mluzu.

"Mwaikamo ya ku Ulaya? Pepani, amayi. Imeneyi ikalowa imakhoma chitseko. Ndikhoza kukakamiza, koma mwa khumi amene ndinawakakamiza, ambiri sanadzukenso. Muli okonzeka?"

"Iwe, ndabwera kudzakonzetsa, osati kudzaika maliro."

"Ndiye tiyese njira ina. Bweretsani madalawo."

Tinawabweretsa. Jaouad anazula kokwezera mawu m'wailesi yakale n'kulumikiza pakati pa kabokosi ndi mahedifoni. Phokoso linatulukadi, mpaka wogulitsa machaja pafupi anatukwana. A Bouchta anamvetsera n'kupukusa mutu.

"Ndikumva chigayo. Munthu mulibemo."

Jaouad anayesa mafoni, atsopano ndi akale, anayesa tizoimbira tina tonse timene tinali m'kabati yake. Ena alamu anga ankati akumva ngati munthu akuyankhula kuseri kwa phiri, ena osamva n'komwe. Sindikudziwa chimene chinali m'kabokosi kathu, kaya ndi kukwera kokha, kaya ndi kaphokosedwe kake, koma khutu lija linkamva iko basi. Pomaliza Jaouad anaimbira msuweni wake wa kumsika wa Derb Ghallef ku Casablanca kuti afufuze kena ka mtundu womwewo, kosaikidwa pulogalamu yatsopano.

"Akakapeza atumiza pabasi, Mulungu akalola."

"Liti?"

"Amayi, zinthu zimenezi anasiya kupanga kalekale. Ndingakunamizeni."

Pobwerera, Anouar ankayenda kumbuyo kwathu ngati wonyamula thumba la simenti. Ndinkafuna kumutukwana, koma ndikatembenuka ndinkamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinkandikwiyitsanso. A Bouchta okha ndi amene anamusisita paphewa n'kunena kuti chitsulo ndi chitsulo, chimafa.

Masiku otsatirawo m'nyumba munali ngati mwachoka anthu. A Bouchta ankakhala pampando pafupi ndi bedi la akazi awo, akuwasenderera malalanje amene sankadyedwa. Ankawauza nkhani za ku Seffarine, za mmisiri wina amene wayamba kugulitsa mathileyi a kufakitale n'kumati ngosula pamanja. A Zhor ankangogwedeza mutu. Ine m'mawa uliwonse ndinkaimbira Jaouad, mpaka anayamba kuyankha asanandipatse moni: "Sikanapezeke, amayi."

Lachisanu m'mawa achemwali anga anakana ngakhale madzi a supu. Miyendo inali itazizira mpaka m'mawondo. Anandikodola.

"Bweretsa kabokosi."

"Achemwali, ndinakuuzani. Kanafooka mawu, sakumva."

"Mawu a Anouar sanamve. Anga anawazolowera."

"Tidikireko la mawa, mwina ku Casablanca..."

"Batoul, usandipusitse. Mawa ndi lako, ine ndilibe."

Ndinakabweretsa. Manja awo sakanatha kukagwira, ndiye ndinagwirizira ine pafupi ndi milomo yawo n'kudina pojambulira. A Bouchta anali pampando wawo, akuonerera. Anouar anaima pakhomo la chipinda.

"A Maalem," anayamba achemwali anga, mawu akutuluka modukaduka. "Si zilonda za m'mimba. Ndinakunamizani. Ndikupita, sindichira. Ndikhululukireni bodza limeneli. Ndikhululukireninso pakamwa pangapa, ndakutukwanani kambirimbiri muli pompo, podziwa kuti simukumva." Anafuna kuseka, chifuwa chinawagwira. Ndinadikira. "Ine ndinakukhululukirani zonse, ngakhale zija za amayi anu. Munali mwamuna wabwino. Nenani kuti mwandikhululukira, ndimve ndi makutu angawa. Basi, zimitsa."

Ndinazimitsa, ndinakweza voliyumu mpaka kachithunzi ka khutu kaja kanatuluka, n'kupereka.

A Bouchta anakanikiza hedifoni ndi manja onse awiri, mwamphamvu mpaka zala zinayera. Anatsinzina. Tonse tinkamva timawu ta a Zhor tikutuluka pang'ono m'mbali mwa hedifoni. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti Mulungu atsegule khutu limenelo kamodzi kokha, akafuna adzalitseke mpaka kale. Timawu tija tinatha. Alamu anga anatsegula maso, ndipo sanayambe ayang'ana akazi awo. Anayang'ana mwana wawo pakhomo paja, mmene anaimira atagwira pakamwa.

Kenako anamwetulira n'kugwedeza mutu.

"Ndamva, ndamva. Lero kakumveka ndithu, mwanayu anakonza bwino." Anagwira dzanja la akazi awo n'kulisisita. "Make Anouar, zimenezo zisakuvuteni. Mukangochira tidzaziona."

Achemwali anga anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka maso, misozi n'kutsikira m'makutu. Mtima wanga unasweka, ndipo ndinalakalaka nditakamenyetsa kukhoma kabokosiko.

A Bouchta anadzuka, anandigwira mkono wa diresi n'kundikokera kunja. Sitinapite patali, tinangodutsa Anouar n'kuima kuseri kwa chitseko chotsegula. Anawerama n'kuika pakamwa pawo pafupi ndi khutu langa kuti andinong'oneze. Koma munthu wogontha sadziwa kukula kwa mawu ake. Anakuwa, nyumba yonse inamva.

"Sindinamve kanthu, Batoul! Usamuuze mwanayu, angadziimbe mlandu! Akuti chiyani mayi akewa?"

Anouar anakhala pansi pomwe anaimapo, n'kubisa nkhope m'mawondo.

Ndinakweza manja, koma ndiwapinde bwanji? Kudya ndimadziwa kusonyeza, kugona ndimadziwa, kuti kwabwera alendo ndimadziwa. Ndinaloza kuchipinda, ndinagwira pamtima, ndinatambasula zikhato. Iwo ankangoyang'ana milomo yanga.

"Pamtima? Pakuwawa pamtima? Tiitane dokotala?"

M'chipinda muja munamveka mawu. Sindikudziwa kumene achemwali anga anaitenga mphamvu imeneyo. Anali atadzutsa mutu papilo, akuitana.

"A Maalem! Ndikhululukireni! A Maalem!"

Alamu anga anali atafulatira chitseko, akudikirabe yankho langa. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuza. Anaona akazi awo atadzutsa mutu, milomo youma ikutseguka ndi kutsekeka, ikubwereza mawu omwewo.

"Ludzu!" anatero. "Inu anthu, simukuona kuti ali ndi ludzu?"

Anathamangira kukhitchini, anabwera ndi kapu ya madzi ndi supuni. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anawachirikiza mutu ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kuwamwetsa pang'onopang'ono, akuwapukuta pachibwano ndi chala. Achemwali anga anawayang'ana, n'kumwa. Sanayankhulenso.