Phala la Ababa

"Kodi munthu angakhale masiku angati osadya?"

Anafunsa ndi Amayi, ataima pakhomo la kuchipinda, mbale ya phala ili m'manja yodzaza monga momwe analowera nayo. Achimwene anga a Mackson anapitiriza kumanga zingwe za nsapato. Ine ndinayang'ana foni.

Ababa anali atangotuluka kumene m'chipatala, sitiroko itawapha dzanja ndi mwendo wa kumanja n'kuwalanda mawu. Kuchipatalako ankadya, ndipo namwino anachita kutiuza kuti pa kumeza palibe vuto. Koma atangofika kwathu ku Kawale, pakamwa anatseka. Madzi ankamwa, mankhwala ankameza, koma supuni ikayandikira ankatembenukira kukhoma. Tinayesa phala la mgaiwa, la soya, la mpunga, lotsira nsinjiro. Amayi a Chigwirizano anabwera atavala yunifolomu, anaimba, anapemphera mpaka mawu kusasa. Mmodzi anati Ababa akwiyira Mulungu. Wina potuluka ananong'oneza Amayi kuti mwina pali dzanja la munthu. Ababa ankangocheperachepera pabedi, masaya akulowa.

Ababa ndi mkulu wa mpingo, ndipo moyo wawo wonse akhala akupala matabwa ku Biwi. Pakhomo pathu anaika lamulo limodzi limene ine ndinkadana nalo: tisanapempherere chakudya, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akuthokozera Mulungu tsiku limenelo. Iwo ankangoloza ndi chala, kuzungulira tebulo. Kunena kuti "moyo" sikunkaloledwa.

"Moyo ngakhale mphemvu ili nawo," ankatero. "Tchula chinthu chokhala ndi dzina."

Kubwereza cha mnzako kunali kuba. Kotero tinakula tikuthokoza minibasi imene inadzaza msanga, nsapato imene inakana kung'ambika, mphunzitsi amene anadwala tsiku la mayeso. Chomalizachi chinakanidwa.

Nditamaliza digiri n'kubwerera kudzakhala pakhomo, lamulolo linayamba kundiwawa. Makalata ofunsira ntchito ndinawamwaza kuyambira ku Old Town mpaka ku City Centre, koma kunali zii. Madzulo chala chija chinkandipezabe.

"Ndikuthokoza kuti mlonda wa pageti wandibweza mwaulemu," ndinkatero.

"Ameni," ankayankha Ababa osaseka n'komwe, ngati ndawerenga vesi.

Atadwala, lamulolo linafa lokha. Palibe anachita kunena kuti tisiye. Ungaime bwanji pamaso pa munthu amene malovu akumutsika iye osadziwa, n'kumati ndikuthokoza minibasi? Tinkaona ngati kuwaseka. Amayi ankalowa okha ndi mbale, kupempha Ambuye mwachidule kuti awachiritse, ife tikudyera pabalaza mwakachetechete ngati pamaliro.

M'mawa umenewo Amayi anandipatsira mbale ija.

"Tayesa iwe. Mwina a digiri amvedwa."

"Akawafotokozere m'Chingerezi ubwino wa phala," anatero achimwene.

"Inu khalani chete," ndinatero. "Zakuposani izi. Ntchito yanu ndi kuwotcherera zitsulo, zotsegula simuzidziwa."

M'chipindamo munkanunkha mafuta opaka ndi sopo. Ndinakhala pakampando kamene Ababa anakhoma okha ndisanabadwe, kosagwedera mpaka lero. Ndinatapa phala. Anatembenukira kukhoma. Ndinawanyengerera ngati mwana, ndinawaopseza kuti tiwabwezera kuchipatala akawaike chubu m'mphuno. Ndinkangolankhula ndi khutu lawo. Khosi lawo linali litaonda moti kolala ya malaya inkaoneka ngati yobwereka.

Ndili pomwepo, panja mpopi unatsokomola. Madzi anali atatithawa kwa masiku, ndipo m'nyumba monse tinkasamba ndi kapu. Unatsokomolanso, kenako ndinamva madzi akugwera pansi pa ndowa yopanda kanthu, aneba akuitanizana, zigubu zikugundana kuseri kwa mpanda.

Ndinabwezera supuni m'mbale. Ndinalankhula ndi windo, ndi mawu omwe aja a nkhani ya mlonda.

"Chabwino. Ndikuthokoza kuti madzi abwera. Lero ndisamba ngati munthu."

Bedi linalira. Nditacheuka, Ababa anali akundiyang'ana, koyamba chifikireni. Dzanja la kumanzere linadzuka pang'onopang'ono, chala chikuloza kukhomo. Ndinaganiza kuti akundithamangitsa, ndipo ndinaimirira. Anamenya matiresi. Analozanso, kupitirira ine, cha kubalaza.

Chala chimenecho ndinkachidziwa. Chinali chitandidutsa.

"Amayi. Achimwene. Tabwerani."

Analowa mothamanga, Amayi atagwira pamtima. Chala chinaima pa achimwene.

"Akuti inu," ndinatero.

"Ine chiyani?"

"Ine ndanena kale. Madzi. Musabe."

Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana Ababa, n'kukanda kumutu. Munthu wa ndevu zake, anaika manja kumbuyo ngati ali pa asembule.

"Ndikuthokoza moyo wa Ababa."

Ababa anatsinzina n'kupukusa mutu papilo.

"Mwalephera," ndinawauza. "Bwerezani kalasi."

Achimwene anayamba kuseka, koma kusekako kunathyokera pakati. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Dzulo magetsi sanathime. Geti la anthu a ku Area 49 lija ndamaliza."

Chala chinasuntha n'kukaima pa Amayi. Iwo sanafulumire. Anakonza chitenje, anayang'ana mabotolo a mankhwala pawindo, anayang'ana mwendo umene unangogona pansi pa bulangeti ngati wa munthu wina.

"Bambo a Mackson, mukufuna ndithokoze chiyani ine?"

Chala sichinatsike. Panja ndowa inali itadzaza, madzi akusefukira, ndipo palibe anatuluka kukatseka.

"Mkonono wanu," anatero Amayi pomaliza. "Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula nawo. Tsopano ndikaumva ndi pamene ndimagona."

Kukhosi kwa Ababa kunatuluka kamawu kokhala ngati chitseko cholemera chikukokedwa. Mwina kanali Ameni. Mwina ankatsutsa zoti amachita mkonono, poti nkhani imeneyo sanaivomerepo.

Panatsala iwo. Tonse tinazindikira nthawi imodzi, ndipo aliyense anapeza poyang'ana pake. Ababa sanavutike nazo. Anatsitsa chala n'kugunda m'mphepete mwa mbale imene inali m'manja mwanga, phala lozizira, lochita kale chikhungu pamwamba. Anagunda kawiri, kenako anatsinzina kudikira pemphero.

Amayi anapemphera. Pemphero lake linali lalifupi, ndipo za kuchira anazitchula kumapeto.

Sanadye lonse. Lina linatsikira kuchibwano, lina anatsokomola nalo, ndipo supuni iliyonse inkatenga nthawi yoti munthu n'kupita pamsika n'kubwerako. Koma pansi pa mbale panayamba kuoneka, mbali imodzi. Atatopa anakankha dzanja langa, osati molusa, n'kugona chagada maso ali kudenga. Sanatembenukire kukhoma.

Amayi anawapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kutenga mbale m'manja mwanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe mbale imayang'anidwira. Achimwene anali atanyamula kale chikwama cha zida, akuti achedwa.

"Mackson," anatero Amayi, "usanapite, uchotse chitseko cha chipinda chino. Chala chija chizitipeza ndi pabalaza pomwe."