Madzi Oyera M'kalavani ya a Goodwin

Bester anayendetsa lole ya fodya zaka khumi ndi zinayi, kuchokera ku Kasungu kupita ku okushoni ku Kanengo, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Ngakhale pa chakudya kunyumba kwake ku Lanham, mkazi wake Callista akangoti mchere wachepa, iye ankapeza polowetsera nkhani ya lole. Koma ku America kuno lole yake kunalibe. Anafika mu Epulo 1993, ndipo ntchito imene anapeza inali yosamalira mzungu wina wokalamba ku College Park, a Goodwin. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwameta ndevu ndi kuwamwetsa mankhwala pa nthawi yake. Manja ozolowera sipanala tsopano ankagwira thaulo, ndipo zinkamuwawa ngakhale sankanena.

A Goodwin anali ndi zaka 84. Msana unawathera kale, moti sankatha kukhala tsonga kupitirira mphindi khumi, ndipo mtima nawo unkagunda mokayikakayika. Mwana wawo mmodzi yekha, Nicole, ankakhala ku California n'kumalamula zonse pa foni. Akazi awo, a Eleanor, anamwalira zaka zitatu m'mbuyomo ndipo anaikidwa kwawo ku Manassas, ku Virginia, mtunda wa ola limodzi ndi pang'ono pa galimoto. Chiikireni malirowo, a Goodwin anali asanapondekonso.

Kuseri kwa nyumba kunali kalavani yakale, ya mtundu uja wokhala ndi injini yakeyake: kutsogolo chiwongolero, kumbuyo bedi, sinki, chitofu ndi kachimbudzi. Banjali linayendera dziko lonse m'menemo. Tsopano inangoima pansi pa mtengo, matayala ataphwa, denga litadzaza masamba. Bester ankaiyang'ana tsiku lililonse pa zenera la kukhitchini ngati munthu wanjala woyang'ana mphika wa eni.

Tsiku lina mu Okutobala, akuwameta, a Goodwin anamugwira dzanja.

“Bester, ndikufuna ndikaone pamene anagona Eleanor ndisanafe. M'galimoto wamba sindingathe kukhala. Koma m'kalavanimo muli bedi.”

Anati za ambulansi anapempha kale, koma Nicole anakana kusaina mapepala, akuti n'kudzivuta chabe. Atamuuza za kalavani, mwanayo anangoseka pa foni n'kunena kuti chiphakasacho chikalira apite. Bester sanaseke. Kwa iye, mwamuna kutha zaka zitatu osaona manda a mkazi wake chinali chinthu chochititsa manyazi dziko lonse la America ndi misewu yake yosalalayo. Laisensi ya ku Maryland anali atatenga kale, ngakhale galimoto analibe. Anauza a Goodwin kuti asade nkhawa, injini ndi injini, iye awafikitsa.

Mawu omwewo anauzanso Fidelis, makaniko wa ku Zambia amene ankapemphera nawo limodzi ku Lanham, munthu woti wakhala kuno zaka khumi. Fidelis anadzipereka kuti abwere adzaione kalavaniyo. Bester anamuthokoza mwaulemu, n'kumufotokozera mmene anamangira fanibeluti ya lole ndi linya la tayala pakati pa msewu wa ku Dowa. Fidelis anamva kuti sakufunika.

Novembala yense, a Goodwin akagona masana, Bester ankakhala m'boneti. Anaika batire yatsopano, anasintha mapulagi ndi oyilo, anapopa matayala, anachotsa chisa cha mbewa pamwamba pa injini, anatsuka kabuleta ndi mswachi wakale. Ankaimba nyimbo za kwaya akugwira. Callista anati chifikireni kuno anali asanamuonepo akubwera kunyumba ndi zikhadabo zakuda ndi nkhope yowala chonchi.

Atatsegula rediyeta ndi pamene anaona zonyansa. Madzi ake anali obiriwira, oterera m'zala, onunkhira kafungo kotsekemera. Bester anapukusa mutu. Madzi otere ankawadziwa, ndi aja a pachithaphwi chimene chakhalitsa mpaka kumera ndere. Kwawo dalaivala wa ulemu wake ankathira m'rediyeta madzi oti iye mwini akhoza kumwa, ndipo wopezeka ndi madzi a mtundu wina ankasekedwa pa depoti mwaka wonse. Anaganiza zokawafunsa a Goodwin, koma anadziletsa. Munthu wamkulu suumuuza kuti chinthu chake chawola. Umangotsuka mwakachetechete, monga momwe ankachitira ndi zofunda zawo m'mawa uliwonse, osatchula kanthu. Anamasula paipi ya pansi, anakhuthula zonse, anatsukuluza katatu mpaka madzi anatuluka oyera mbee, n'kudzaza a pampopi. Anadzazanso thanki ya sinki kuti adzapeze owasambitsira m'manja pa ulendo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma Bester tsiku limenelo anapita kunyumba akudziona ngati mwana wabwino.

Injini inalira pa 20 Novembala. A Goodwin anaimva ali kuchipinda, ndipo Bester atalowa anawapeza akuseka, misozi ikulowa m'makutu. Anapangana Loweruka loyamba la Disembala.

Lachinayi lake chifuwa chinawagwira, n'kukagonekedwa m'chipatala masabata atatu. Atatuluka, dokotala anati asatuluke panja mpaka kutafundako. Kenako Januwale anabwera ndi chisanu chimene ngakhale obadwira konkuno ankati sanachionepo kwa zaka zambiri. Misewu inasanduka galasi, masukulu anatsekedwa, magetsi ankazima mosinthana. Bester anali asanaonepo madzi akuundana pena paliponse kupatula m'firiji. Ankafika kuntchito makutu atafa, atavala majuzi atatu ndi masokosi a Callista m'manja. Kalavani inakwiririka ndi chisanu mpaka m'mawindo. Ankaiyang'ana pa zenera lija n'kudzitonthoza kuti bola anaisiya ili bwinobwino, ndi madzi oyera.

M'mawa uliwonse a Goodwin ankafunsa ngati kwafunda. Mawu awo ankachepa sabata ndi sabata.

Pakati pa Febuluwale kunatuluka dzuwa masiku anayi otsatizana. Dokotala anavomera, ndipo ali pakhomo anauza Bester motsitsa mawu kuti ngati pali ulendo, usachedwe. Loweruka Callista anapempha tchuthi kunyumba ya okalamba kumene ankagwira ntchito, nabwera ndi maluwa oyera. Anawaveka a Goodwin suti yawo ya buluu, imene tsopano inkangolendewera. Bester anatuluka kukaona madzi, monga dalaivala aliyense amachitira asanalize injini, ndipo anapeza rediyeta ili gwa, youma. Zinamudabwitsa, koma pansi ponse panali matope a chisanu chosungunuka, sakanatha kuona ngati pena padontha. Anathira ndowa ziwiri. Kenako iye ndi Callista anawanyamula a Goodwin, kuwagoneka pabedi la m'kalavani, kuwatchinga ndi mapilo mbali zonse, maluwa ali pachifuwa.

Injini inalira ulendo wachitatu, koma kulira kwake kunali kotsimphina. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera wochuluka. Callista, amene anali chiimire panja, anagogoda pa galasi.

“Bambo a Jacinta, tazimitsani. Pansipa pakutsika madzi ngati pampopi.”

Bester anazimitsa. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo kanatuluka ndi zinthu zooneka ngati tiyi wa mkaka. Zaka khumi ndi zinayi zija zinamuuza kuti madzi alowa m'oyilo, koma sizinamuuze chifukwa chake. Nayenso Callista atalowa anapeza kapeti ya pansi pa sinki yanyowa, paipi itang'ambika m'litali mwake ngati nzimbe. Kunyada kunathera pomwepo. Analowa m'nyumba n'kumuimbira Fidelis.

Fidelis anafika pasanathe ola pa vani yake yodzaza zitsulo. Anayala katoni pamatope, analowa pansi ndi tochi, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Atatuluka anamukokera Bester pambali, kutali ndi zenera la bedi, n'kumulozera mng'alu wautali ngati chikhatho m'mbali mwa injini.

“Ba Bester, block yang'ambika iyi. Antifreeze inayenda kuti? Yaja manzi ya green.”

Bester anati anataya chifukwa anali oipa.

Fidelis anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbali. Anafotokoza mofatsa, ngati akuuza wofedwa, kuti madzi obiriwirawo ndi mankhwala oletsa madzi kuundana. Madzi wamba akaundana amatupa, ndipo chitsulo sichitupa nawo. Injiniyo inafa kale mu Januwale ili chiimire, popanda woimva.

“Sembe munanifunsa chabe, mudala,” anatero m'Chinyanja cha kwawo, kutanthauza kuti akanangomufunsa, koma sanapitirize, poona nkhope ya mnzakeyo.

Bester anayamba kugwira paliponse ngati munthu womira. Anafunsa ngati sangawotcherere mng'aluwo, Fidelis anati chitsulo cha mtundu umenewo sichimvera, komanso mkati mwang'ambikanso. Anafunsa za sopo ndi phala la mazira zimene ankamatira marediyeta kwawo, Fidelis anangopukusa mutu. Anati nanga aikoke kalavaniyo ndi vani, a Goodwin ali momwemo. Fidelis anati vaniyo singakoke chinyumba chotere, ndipo apolisi akapeza wodwala m'galimoto yokokedwa onse atatu akagona m'selo. Kuwagoneka m'vani momwemo Callista ndiye anakana. Munalibe chotenthetsera, masipuling'i anali ouma, ndipo iye amene ankadziwa odwala anati sakafika ngakhale pa mlatho wowolokera ku Virginia. Anaimbira a kampani yobwereketsa makalavani, anati nyengo ino satulutsa, ayambanso mu Epulo. Anaimbira Nicole kumupempha za ambulansi ija. Iye anati ichi n'chizindikiro choti ulendowu sunayenere, bambo adikire iye abwere pa Isitala. Bester anaika foni pansi n'kukhala kaye chiimire m'khitchini. Panalibenso wina woimbira.

Chinatsala n'kukawauza eni ake. Callista anati apite ndi iye, Bester anakana. Anakwera m'kalavani, anavula chipewa, anagwada pambali pa bedi monga akanachitira kwa bambo ake omubala, n'kunena zonse: madzi obiriwira, kutsukuluza katatu, ndi chifukwa chimene sanafunsire. Sanabise kanthu. Ankalakalaka atamukalipira, atamutchula chitsiru, atamuchotsa ntchito pomwepo, kuti mwina mtima ungapepukeko.

A Goodwin anayang'ana kudenga.

“Chaka chilichonse masamba akayamba kugwa, ine ndinkathira madzi obiriwirawo, Eleanor n'kumagwira faneli,” anatero. “Amene unatayawo ndi omaliza amene tinathira limodzi.”

Bester anangoweramitsa mutu, misozi n'kumagwera pa kapeti yonyowayo.

“Kwanu kulibe chisanu chotere. Ndikanakuuza ine,” anatero a Goodwin, n'kumusisita paphewa ndi zala ziwiri. “Tatsegula katani iyo. Mundisiye muno pang'ono.”

Anatsegula katani. Panja panalibe chooneka koma mpanda wa a neba ndi mabini awiri. A Goodwin anagona momwemo maminitsi makumi awiri, atavala suti, maluwa ali pachifuwa, mpaka Callista anati kwayamba kuzizira, awabwezere m'nyumba. Maluwa anawaika m'ndowa ija kukhitchini.

Fidelis sanagone nazo. Anazungulira malo ogulitsa magalimoto akufa kuyambira ku Prince George's mpaka ku Baltimore, ndipo anapeza injini yofanana, koma eni ake anati ikhala yokonzeka pakatha masabata atatu. Bester anawauza a Goodwin, iwo anagwedeza mutu mwaulemu. Chiyambire tsiku lija sanafunsenso ngati kwafunda, ndipo kusafunsa kumeneko n'kumene kunkamudya Bester kuposa china chilichonse. Ankawasambitsa, kuwameta, kuwatembenuza mosamala kuposa kale, koma ankadziwa kuti madzi akatayika saoleka.

A Goodwin anamwalira pa 3 Malichi, Lachinayi m'mawa, Bester akukatenga thaulo louma. Nicole anafika mawa lake, anamuthokoza kwambiri chifukwa chosamalira bambo ake, ndipo anati kalavaniyo aitenge ngati akuifuna, poti injini ina ikubwera. Bester anati ayi, zikomo.

Lolemba anawatengera ku Manassas. Galimoto ya maliro inali patsogolo, yaitali, yoyenda mosagwedeza, ndipo a Goodwin anali atagona m'menemo ndi suti ya buluu ija. Bester ndi Callista ankatsatira m'vani ya Fidelis, atakhala mothinana kutsogolo, maluwa atsopano ali pamiyendo. Kunja kunali kofunda, msewu wouma, wopanda dzenje ngakhale limodzi. Bester, mwa chizolowezi cha udalaivala, anayang'ana wotchi ponyamuka ndipo anayang'ananso polowa pa geti la manda. Ulendo wonse unatenga ola limodzi ndi mphindi khumi.