Maluwa a Mayi Burul ndi Galu Wawo

A Toktosun anali asanadzalepo duwa chibadwire. Zawo zinali nkhosa ndi maapozi, maluwa anali a akazi awo, a Burul. Koma a Burul anamwalira nthawi yokolola tirigu. Masamba atayamba kuyoyoka m'mudzi mwawo kufupi ndi tauni ya Talas, bamboyo anapeza m'chipinda chosungira mbatata kadengu ka mitu ya maluwa a tulipi, yonga tianyezi, imene mayiyo anafukula n'kuyanika asanadwale.

Anaidzala pansi pa zenera, pomwe maluwawo ankakhala chaka ndi chaka. Pofuna kuti imere bwino, m'dzenje lililonse anathiramo mafupa a nkhosa osinja, monga ankachitira podzala mitengo. Kutacha anapeza dothi lili mbwee, mitu ili pamtunda. Anaikwiriranso. M'mawa mwake, chimodzimodzi.

"Kodi aneba, mwayamba kulima ena tili m'tulo?" anafunsa a Satybaldy, atatsamira mpanda.

"Ndi makoswe awa."

"Makoswe a mapazi otere? Tayang'anani mphuno ya mlonda wanuyo."

Pakhonde panagona Aktosh, galu wokalamba wa a Burul, mphuno ili bii ndi dothi. Chimwalirire mbuye wake ankangonunkhiza chakudya n'kuchisiya, mpaka nthiti zinayamba kuwerengeka. A Toktosun sankakonda agalu. Ankangomuponyera buledi osamuyang'ana n'komwe.

"Wazani tsabola wosinja pamenepo," anatero a Satybaldy. "Akangoyetsemula kamodzi, waleka."

"Maso ake ndi ofooka kale. Ndimuwotchenso?"

"Ndiye mumangeni pa unyolo."

"Mayi ake a Cholpon sanamumangepo," anayankha a Toktosun, kutchula malemuwo ndi dzina la mwana wawo wamkazi. Mnzawoyo anayang'ana kumbali.

Akazi a Satybaldy, a Kenjegul, anatulukira atanyamula mbale ya mkaka wowawasa yomwe ankawabweretsera kawirikawiri. Anawerama, n'kutapa dothi, n'kulinunkhiza.

"Mwathiramo chiyani umu, alamu?"

"Mafupa osinja."

Mayiyo anaseka mpaka kuika mbale pansi. "Mwamuphikira galu phwando, ndiye mukudabwa kuti wabwera? Mwayi wanu sanatafune mituyi, imadwalitsa agalu. Chotsani dothi lonseli mubweretse lina. Mudzale mozama, pamwamba muyale waya. Anzanga ankatero."

A Toktosun sanadziwe kuti akazi awo ankayala waya. Zaka zonsezo ankangoona maluwa ofiira atachita kale, ngati amabwera okha.

Ntchitoyo inawatengera tsiku lonse. A Satybaldy anakhadzula waya wa sefa pa khola lawo lakale la nkhuku, akudandaula kuti msana wawo si wa mnyamata. A Kenjegul anaonetsa mmene mutu umakhalira m'dzenje, nsonga kumwamba, ndipo zinapezeka kuti ina a Toktosun anaidzala chadodolido. Anayala wayayo, n'kupinda m'mbali mwake kuti asalase phazi la galu, n'kutsinjiza ndi miyala yakumtsinje. Pamwamba anafunditsa masamba ouma.

Aktosh anabwera, anapalasa kawiri, zikhadabo n'kukodwa pa waya. Anaima n'kuyang'ana a Toktosun. Kenaka anazungulira, n'kugona pambali pa miyalayo, pomwe a Burul ankakonda kugwada popalira.

Anebawo atapita, a Toktosun anatenga khasu n'kupita kuseri kwa mtengo wa apozi. Anatipula kadothi kofewa, n'kukwiriramo fupa lokhala ndi nyama yake.

"Bwera kuno, mkulu mnzanga," anaitana. Aka kanali koyamba kumulankhula. "Apa ndi pako. Kumba mmene ungathere."

Galuyo anakumba pang'onopang'ono, akupumira, ndipo tsiku limenelo anadya. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse bamboyo ankakwirira kanthu kuseri kwa mtengowo, iwo n'kukhala pa chitsa ndi tiyi wawo akuonerera.

Chipale chofewa chitagwa, nthaka inauma gwa, kukumba n'kutha. Tsiku lina mphepo itakula, a Toktosun anatsegula chitseko n'kuima nacho. Aktosh anali asanalowepo m'nyumba, moti anazengereza pakhomo. Bamboyo anamuyalira chikhoti chakale pafupi ndi mbaula, n'kudikira mpaka analowa.

Kutayamba kufunda, timasamba tosongoka tinatulukira m'maso a wayayo. Sanamere onse, ndipo mizere yake inali yokhotakhota. Cholpon atabwera kuchokera ku mzinda wa Bishkek ndi ana ake, anaima pa zenera akuyang'ana maluwawo, kenaka anafunsa kuti anadzala ndani.

"Tinathandizana," anatero bambo ake.

Madzulo ake a Toktosun anapita pa mpanda kukafunsa a Kenjegul nthawi yofukula mitu.

"Masamba akauma, alamu. Musafulumire, ndidzakuuzani."