Kupempherera Wofiira

Mtsikana wotsiriza m'nyumbamo, amene onse ankamutcha Nyerere, anaona ndi maso ake pa masewera ogwetsana a pa TV: chimphona chake cha kabudula wofiira chinamenyedwa ndi mpando wachitsulo m'mutu, anthu n'kuchinyamula pa machira.

Banja litakhala patebulo kuti lidye, Nyerere analanda pemphero.

"Ambuye, chiritsani Wofiira. Koma wadazi anatenga mpando uja, mumuone nokha."

Achimwene ake anatsamwa ndi madzi. "Iwe, zijatu amangonamizira..." Amayi anawatsina pantchafu, mawu n'kuthera pakhosi.

Sabata yonse Nyerere sanaphonye kutchula Wofiira m'pemphero, ngakhale popempherera tiyi. Loweruka litafika, pa TV paja nyimbo inalira, utsi unafuka, Wofiira n'kutulukira akudumpha zingwe, wopanda ngakhale kabandeji.

Nyerere anakwera pasofa n'kuloza achimwene akewo. "Mwaona? Inu mumaseka! Bala lija lili kuti?"

Abambo, amene ankadziwa bwino kuti nkhonya zija zimangomenya mphepo, anapukuta misozi ya kuseka.

"Mwanangu, poti Wofiira wachira, uyambeko msana wangawu."

Nyerere anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mudikire kaye, ababa. Inu simunamenyedwe ndi mpando."